Ndalama za m'zigawo za ufumu wa Roma

Ndalama za m'zigawo za ufumu wa Roma ndi ndalama zachitsulo zimene zinkasulidwa ndi mizinda, zigawo ndi mafumu ang'onoang'ono amene anali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Zimasiyana ndi ndalama zimene boma lalikulu linkasula mumzinda wa Roma n'kuzitumiza mu ufumu wonse. Akatswiri amaziwerengera kuyambira pa imfa ya Julius Caesar mu 44 BC mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 AD, pamene mzinda wa Alexandria ku Egypt unasiya kusula ndalama zakezake. Pa nthawi yonseyi mizinda yoposa 500 inasulapo ndalama, ndipo yambiri inali m'madera amene masiku ano ndi Turkey, Greece, Bulgaria, Syria, Lebanon, Israel ndi Jordan.

Ndalama zambiri zoterezi zili ndi nkhope ya mfumu ya Roma kapena wachibale wake kumaso, ndipo kuseri kwake kuli chinthu cha mzinda umene unasula: mulungu wake, kachisi, mtsinje, phiri kapena nthano ya mmene mzindawo unayambira. Motero ndalama imodzi imasonyeza amene ankalamulira komanso mmene anthu olamulidwawo ankafunira kudziwika. N'chifukwa chake anthu otolera ndalama zakale ndi akatswiri a mbiri amazifunafuna, ngakhale kuti magulu awiriwa sagwirizana nthawi zonse pa nkhani ya mmene ndalamazi zimafikira pamsika.

## Dzina ndi ntchito yake

Kale ndalamazi zinkatchedwa "ndalama zachigiriki za nthawi ya mafumu a Roma", chifukwa mawu olembedwa pa zambiri ndi a Chigiriki. Dzinali linayamba kusiyidwa chifukwa si zonse zili m'Chigiriki. Mizinda imene Aroma ankakhazikamo asilikali opuma pa ntchito, monga Philippi, Berytus ndi Antioch wa ku Pisidia, inkalemba m'Chilatini. Mizinda ya kumpoto kwa Africa monga Leptis Magna, Oea ndi Sabratha inkalemba m'zilembo za Chipuniki m'nthawi ya Augustus ndi Tiberius.

Boma la Roma linkasula ndalama yagolide yotchedwa aureus ndi yasiliva yotchedwa denarius, zimene linkalipirira asilikali ndi kulandirira misonkho. Koma silinkatumiza ndalama zing'onozing'ono zokwanira kumisika yakutali, makamaka kum'mawa. Mizinda ndiyo inkadzaza mpata umenewu posula ndalama zamkuwa zogulira buledi, nsomba, mafuta ndi kulipira polowa m'nyumba zosambira. Ndalama yamkuwa yowerengera m'mizinda yambiri yachigiriki inkatchedwa assarion.

Mzinda unkapindulanso ndi ntchitoyi. Mawu ozokotedwa pamwala amene anapezeka ku Pergamum, a m'nthawi ya Hadrian, amasonyeza kuti osintha ndalama a mumzindawo ankagula denarius imodzi ndi ma assarion 17 koma ankaigulitsa pa 18, ndipo mzinda unkalandirako gawo la phindulo. Mizinda ina ya ku Spain inkalemba pa ndalama zake zilembo zoti PERM AVG, kutanthauza kuti Augustus ndiye anapereka chilolezo.

## Mbiri

Aroma atalanda madera a kum'mawa anapeza mizinda imene inali itasula ndalama kwa zaka mazanamazana, ndipo sanailetse. Kusintha kwakukulu kunabwera ndi Augustus, amene analamulira kuyambira mu 27 BC mpaka mu 14 AD. M'nthawi yake mizinda yambiri inaika nkhope ya mfumu pamalo pamene kale pankakhala mutu wa mulungu wa mzindawo.

Kumadzulo mwambowu sunakhalitse. Mizinda ya ku Africa inasiya m'nthawi ya Tiberius, yambiri ya ku Spain inasiya m'nthawi ya Caligula, ndipo pofika m'nthawi ya Claudius madera a kumadzulo ankagwiritsa ntchito ndalama za boma zokha. Ndalama yotchuka kwambiri ya kumadzulo ndi ya ku Nemausus, mzinda umene lero ndi Nîmes ku France. Kumaso kwake kuli mitu ya Augustus ndi Agrippa yofulatirana, ndipo kuseri kuli ng'ona yomangidwa ndi unyolo pamtengo wa kanjedza, kukumbutsa kugonjetsedwa kwa Egypt mu 30 BC. Anthu ankaidula pakati kuti apeze chenji, ndipo zidutswa zotere zimapezeka zambiri. Ng'onayo idakali pachizindikiro cha mzinda wa Nîmes mpaka lero.

Kum'mawa ntchitoyi inapitirira kukula, ndipo inafika pachimake m'nthawi ya Septimius Severus ndi banja lake, pakati pa 193 ndi 235. Kutha kwake kunabwera m'zaka za m'ma 260. Ndalama yasiliva ya boma yotchedwa antoninianus inali itachepetsedwa siliva mpaka kungotsala mkuwa wokutidwa, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo mkuwa wa m'ndalama ya mzinda unayamba kudula kuposa zimene ndalamayo inkagula. Pa nthawi yomweyo Agoti ankaukira mizinda ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mfumu Shapur I ya Persia inagwira mfumu Valerian mu 260. Mizinda yambiri inasiya kusula m'nthawi ya Gallienus. Mzinda wa Perge ku Pamphylia unapitiriza mpaka m'nthawi ya Tacitus, amene analamulira mu 275 ndi 276. Alexandria yekha ndiye anatsala, mpaka Diocletian atasintha dongosolo lonse la ndalama chakumapeto kwa zaka za m'ma 290.

## Kasulidwe ndi mitundu

Ndalama iliyonse inkasulidwa ndi manja. Mmisiri ankazokota chithunzi ndi zilembo mozondoka pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba. Kachitsulo kobulungira kankaikidwa pakati pa zidindozo, kenako wosula ankamenya ndi nyundo. N'chifukwa chake chithunzi nthawi zina chimapendekera kumbali, ndipo zilembo zina zimasowa m'mphepete. Ndalama zambiri za ku Thrace ndi ku Moesia zili ndi kadzenje pakati, kamene kanatsala pokonza kachitsuloko kasanadindidwe.

Mizinda yambiri sinkasula chaka ndi chaka. Inkatero pakafunika chenji, pakakhala masewera aakulu kapena mfumu ikamabwera. Katswiri wa ku Germany, Konrad Kraft, anasonyeza m'buku limene linatuluka mu 1972 kuti mizinda yosiyanasiyana ya ku Asia Minor inkagwiritsa ntchito chidindo chimodzimodzi cha nkhope ya mfumu. Izi zikutanthauza kuti panali magulu a amisiri amene ankagwirira ntchito mizinda ingapo.

Kuwonjezera pa zamkuwa, malo ochepa ankasula ndalama zasiliva zoyenda m'chigawo chonse. Ku Asia kunali cistophorus, yofanana ndi ma denarius atatu. Ku Caesarea wa ku Cappadocia kunali ndalama zosonyeza phiri la Argaeus. Ku Antioch wa ku Syria kunali tetradrachm, imene kawirikawiri imakhala ndi chiwombankhanga kuseri. Mzinda wa Tyre unkasula sekeli yasiliva wabwino yokhala ndi mutu wa mulungu Melqart, ndipo ndiyo inkagwiritsidwa ntchito polipira msonkho wa kachisi ku Jerusalem.

## Olamulira ooneka pa ndalamazi

### Mafumu a Roma ndi maudindo awo

Pafupifupi mfumu iliyonse kuyambira Augustus mpaka Diocletian imapezeka pa ndalama za m'zigawo. Maudindo achilatini ankamasuliridwa m'Chigiriki: Imperator ankalembedwa Autokrator, Caesar ankalembedwa Kaisar, ndipo Augustus ankalembedwa Sebastos. Chifukwa cha kuchepa kwa malo, mawuwa ankafupikitsidwa kukhala AVT, K ndi CEB. Pa ndalama zambiri chilembo chooneka ngati C ndi sigma wa Chigiriki ndipo chimawerengedwa ngati S. Mfumu imaoneka itavala nkhata ya masamba kapena chisoti chokhala ndi nsonga zonga kuwala kwa dzuwa.

Nkhope sizifanana nthawi zonse ndi za pa ndalama za ku Roma. Amisiri ambiri a m'mizinda anali asanaonepo mfumu, ndipo ankatengera pa ziboliboli kapena pa ndalama za boma zimene zafika kwawo. Mfumu yatsopano ikalowa, ena ankangosintha dzina n'kusiya nkhope yofanana ndi ya mfumu yapita. Palinso vuto la mayina. Caracalla ndi Elagabalus onse awiri amalembedwa kuti Marcus Aurelius Antoninus, choncho wofuna kuwasiyanitsa amayang'ana ndevu, kaumbidwe ka nkhope, kapena dzina la bwanamkubwa lolembedwa kuseri.

Mafumu ena amene analamulira nthawi yochepa amapezeka mosavuta pa ndalama za m'zigawo kusiyana ndi za boma. Otho analamulira miyezi itatu yokha mu 69, ndipo ku Roma sikunasulidwe ndalama yamkuwa ya dzina lake. Koma ku Antioch ndi ku Alexandria zinasulidwa. Uranius Antoninus, amene analamulira mzinda wa Emesa ku Syria cha m'ma 253, amadziwika makamaka chifukwa cha ndalama zake.

### Akazi, ana ndi okondedwa a mafumu

Mizinda inkalemekeza banja lonse la mfumu, nthawi zina kuposa mmene boma linkachitira. Livia, mkazi wa Augustus, anaikidwa ndi dzina lake pa ndalama za mizinda ya kum'mawa mwamuna wake ali moyo, pamene ku Roma zimenezi zisanachitike. Valeria Messalina, mkazi wa Claudius, ndi Titiana, mkazi wa Pertinax, amapezeka pa ndalama za m'zigawo zokha. Julia Domna, mkazi wa Septimius Severus wochokera ku Emesa, ali pa ndalama za mizinda yambirimbiri.

Antinous, mnyamata wa ku Bithynia amene Hadrian ankamukonda, anamira mumtsinje wa Nile mu 130 ndipo anayamba kupembedzedwa ngati mulungu. Boma silinamuike pa ndalama zake, koma Alexandria, Smyrna, Tarsus ndi mzinda wakwawo wa Bithynium unatero. Chimodzimodzinso Julius Marinus, bambo wa mfumu Philip, amapezeka pa ndalama za Philippopolis wa ku Arabia, mzinda umene mwana wakeyo anamanga kumudzi kwawo.

Mzinda wa Marcianopolis, m'dziko limene lero ndi Bulgaria, umadziwika ndi ndalama zokhala ndi mitu iwiri yoyang'anana, monga Macrinus ndi mwana wake Diadumenian, kapena Gordian III ndi mkazi wake Tranquillina. Kuseri kwake kumakhala chilembo E, chimene m'Chigiriki chimaimira nambala 5, kusonyeza kuti ndalamayo inali ya ma assarion asanu.

### Mafumu ang'onoang'ono ndi abwanamkubwa

M'malire a ufumu munali mafumu amene Aroma anawasiya pampando pokhapokha akhale omvera. Ambiri ankaika nkhope yawo mbali imodzi ndi ya mfumu ya Roma mbali inayo. Anatero Rhoemetalces I wa ku Thrace pamodzi ndi Augustus, mafumu a ku Edessa otchedwa Abgar, ndi mafumu a ku Bosporus kumpoto kwa Black Sea, amene ankalembanso chaka pa ndalama zawo. Ku Mauretania, kumpoto kwa Africa, Juba II anasula ndalama zokhala ndi dzina lake m'Chilatini ndi la mkazi wake Cleopatra Selene m'Chigiriki.

M'nthawi ya Augustus abwanamkubwa ochepa analoledwa kuoneka pa ndalama. Mmodzi wa iwo ndi Publius Quinctilius Varus, amene nkhope yake ili pa ndalama za Achulla ku Africa. Ameneyu ndiye anadzataya magulu atatu a asilikali m'nkhalango ya Teutoburg mu 9 AD. Pambuyo pake mwayiwu unachepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri abwanamkubwa ankangolembedwa mayina.

### Ndalama zopanda nkhope ya mfumu

Si ndalama zonse zili ndi mfumu. Ku Judaea abwanamkubwa achiroma ankapewa zithunzi za anthu chifukwa cha chilamulo cha Ayuda. Tindalama ta Pontius Pilate, tosulidwa m'chaka cha 16, 17 ndi 18 cha ulamuliro wa Tiberius, tili ndi dzina la mfumu, ngala za barele ndi ziwiya za ansembe achiroma, koma tilibe nkhope. Dzina la Pilate mwiniwake silikupezekapo. Athens sanaike nkhope ya mfumu iliyonse pa ndalama zake, ndipo anapitiriza ndi mutu wa Athena. Mizinda yambiri ya ku Asia inkaika mutu woimira nyumba ya malamulo ya ku Roma, khonsolo ya mzinda kapena anthu a mumzindawo. Smyrna ndi Chios ankaika Homer, ndipo Mytilene ankaika Sappho.

### Nkhope zofufutidwa

Wolamulira akaphedwa n'kuweruzidwa kuti aiwalike, dzina ndi nkhope yake zinkachotsedwa pa zipilala, nthawi zinanso pa ndalama. Caracalla atapha m'bale wake Geta kumapeto kwa 211, ndalama zazikulu za mzinda wa Stratonicea ku Caria zimene zinali ndi mitu ya onse awiri zinasonkhanitsidwa, mutu wa Geta n'kupalidwa. Zambiri zinadindidwanso kachidindo kakang'ono kosonyeza kuti zikugwirabe ntchito. Tizidindo totere timapezeka pa ndalama za mizinda yambiri, ndipo Christopher Howgego anatisanja m'buku lake la 1985.

## Zimene zili kuseri

Kuseri kwa ndalama ndi kumene mzinda unkadzitamira. Ephesus ankaika chiboliboli ndi kachisi wa Artemis, Ilium ankaika Hector, Knossos ankaika nyumba yosokoneza njira ya m'nthano ya Minotaur, ndipo Neapolis wa ku Samaria ankaika phiri la Gerizim ndi makwerero okwera kukachisi. Zithunzi zina ndi umboni wa zinthu zimene zinawonongeka kalekale. Ndalama za ku Elis za m'nthawi ya Hadrian zimasonyeza chiboliboli cha Zeus cha ku Olympia chimene anasema Phidias, ndipo za ku Cnidus zimasonyeza Aphrodite wa Praxiteles. Mzinda wa Apamea ku Phrygia, m'zaka za m'ma 200, unasula ndalama zosonyeza mwamuna ndi mkazi m'chingalawa chonga bokosi, pamodzi ndi mbalame yonyamula nthambi ndi dzina la Noah m'zilembo za Chigiriki.

Mizinda inkalimbirananso maudindo. Udindo wosiririka kwambiri unali wa neokoros, kutanthauza wosunga kachisi, umene unkaperekedwa kwa mzinda wololedwa kumanga kachisi wopembedzeramo mfumu m'dzina la chigawo chonse. Pergamum analoledwa mu 29 BC. Mu 26 AD mizinda 11 inapikisana pofuna kumanga kachisi wa Tiberius, ndipo Smyrna ndiye anapambana. Pofika m'nthawi ya Elagabalus, Ephesus ankalemba pa ndalama zake kuti walandira udindowu kanayi. Liwu lomweli lachigiriki likupezeka m'buku la Machitidwe a Atumwi chaputala 19, pamene mlembi wa mzinda wa Ephesus akutonthoza khamu la anthu.

Ku Viminacium, m'dziko limene lero ndi Serbia, ndalama zinayamba kusulidwa mu 239 m'nthawi ya Gordian III. Zimasonyeza mkazi woimira chigawo cha Moesia ataima pakati pa ng'ombe yamphongo ndi mkango, zimene zinali zizindikiro za magulu awiri a asilikali a m'chigawocho. M'munsi mwake muli zilembo AN ndi nambala ya chaka.

## Ndalama za ku Alexandria

Egypt anali ndi dongosolo lakelake. Ndalama za boma sizinkayenda m'misika yake, ndipo wolowa m'dzikolo ankayenera kusintha ndalama zake. Kuyambira m'nthawi ya Tiberius, Alexandria ankasula tetradrachm ya siliva wosakaniza ndi mkuwa, imene inkawerengedwa mofanana ndi denarius imodzi. Za m'nthawi ya Nero zinasulidwa zochuluka kwambiri ndipo zimalemera pafupifupi magalamu 13. Pofika m'nthawi ya Diocletian zinali zitachepa kukula, ndipo siliva anali atatsala pang'ono kutheratu.

Pafupifupi ndalama iliyonse ya ku Alexandria ili ndi chaka. Chizindikiro chooneka ngati L chimatanthauza "chaka", ndipo chimatsatiridwa ndi nambala ya Chigiriki: A ndi 1, B ndi 2, I ndi 10, moti LIB ndi chaka cha 12 cha mfumu. Chaka cha ku Egypt chinkayamba kumapeto kwa August, ndipo chaka chachiwiri cha mfumu chinkayamba pa tsikulo ngakhale itangolamulira milungu yochepa. N'chifukwa chake Galba, amene analamulira miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri mu 68 ndi 69, ali ndi ndalama za chaka choyamba ndi chachiwiri.

Kuseri kumapezeka Serapis, Isis, mulungu wa mtsinje wa Nile ndi ng'ona kapena mvuu, komanso nsanja younikira zombo ya Pharos. M'nthawi ya Antoninus Pius kunasulidwa ndalama zikuluzikulu zamkuwa zosonyeza ntchito za Heracles ndi magulu a nyenyezi. Ndalamazi zimasonyezanso nthawi zimene Egypt anachoka m'manja mwa Roma. Cha m'ma 270 mpaka 272 zinasulidwa zokhala ndi Aurelian mbali imodzi ndi Vaballathus wa ku Palmyra mbali inayo, kenako za Vaballathus yekha ndi za mayi ake Zenobia.

## Kutolera ndalamazi

### Chiyambi chake

Wolemba mbiri Suetonius amanena kuti Augustus ankapatsa anthu ndalama zakale za mafumu ndi za mayiko ena monga mphatso pa zikondwerero. Ku Europe mwambo wotolera ndalama zachiroma unakula kuyambira m'zaka za m'ma 1300, ndipo Petrarch anapereka zina kwa mfumu Charles IV mu 1354. Joseph Hilarius Eckhel wa ku Vienna, m'mabuku ake asanu ndi atatu a pakati pa 1792 ndi 1798, anasanja ndalama za mizinda motsatira madera, kuyambira ku Spain kuzungulira nyanja ya Mediterranean mpaka kumpoto kwa Africa. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatsatirabe kasanjidwe kameneka. Giovanni Dattari, amene ankakhala ku Cairo, anatolera ndalama za ku Alexandria masauzande ambiri ndipo anatulutsa mndandanda wake mu 1901.

Kwa nthawi yaitali otolera ankakonda ndalama za boma ndi zachigiriki zakale kwambiri, ndipo za m'zigawo ankaziona ngati zosakongola ndi zovuta kuwerenga. Zinthu zinasintha pamene ntchito ya Roman Provincial Coinage inayamba. Buku lake loyamba, lolembedwa ndi Andrew Burnett, Michel Amandry ndi Pere Pau Ripollès, linatuluka mu 1992 mothandizidwa ndi British Museum ndi Bibliothèque nationale de France, ndipo limafotokoza ndalama za pakati pa 44 BC ndi 69 AD. Masiku ano ntchitoyi ili pa intaneti kwaulere pansi pa Ashmolean Museum ku Oxford, ndipo mitundu yatsopano imawonjezedwabe, ina yochokera kwa otolera wamba.

### Njira zotolera

Palibe munthu amene angatolere mitundu yonse, choncho aliyense amasankha gawo. Ena amafuna nkhope imodzi ya wolamulira aliyense. Ena amatsata mfumu imodzi m'mizinda yonse imene inaisula, kapena mzinda umodzi pansi pa mafumu onse. Palinso otolera za mizinda yotchulidwa m'Baibulo, za akachisi, za nyama kapena za chaka chilichonse cha mfumu imodzi ku Alexandria.

Mtengo umadalira mmene ndalama yasungikira, kusowa kwa wolamulira ndi kukongola kwa chithunzi. Zamkuwa zofala za m'zaka za m'ma 200 ndi zotsika mtengo, pamene za Antinous kapena Zenobia zimakwera kwambiri pa okushoni. Chodabwitsa n'chakuti ndalama ya mzinda waung'ono imene ikudziwika imodzi kapena ziwiri zokha ikhoza kukhala yotchipa, chifukwa oifuna ndi ochepa.

### Kuzindikira ndi kusamala

Pofuna kudziwa ndalama, wotolera amayeza kulemera kwake m'magalamu ndi kukula kwake m'mamilimita, kenako amawerenga zilembo ndi galasi lokulitsa. Kumaso kumapereka dzina la wolamulira. Kuseri kawirikawiri kumapereka dzina la anthu a mumzinda, osati la mzinda weniweniwo, ndipo nthawi zambiri limathera ndi zilembo ΩΝ, monga ΕΦΕϹΙΩΝ, kutanthauza "ya anthu a ku Ephesus". Akapeza ziwirizi amayerekezera ndi zithunzi za m'mabuku a mndandanda.

Ndalama yamkuwa imene yakhala m'nthaka imakhala ndi khungu lobiriwira, lofiirira kapena lakuda, limene limaiteteza ndipo siliyenera kuchotsedwa. Choopsa ndi ufa wobiriwira mowala umene umatuluka m'timaenje. Umayamba ndi mchere wa m'nthaka ukakumana ndi chinyezi, ndipo umadya chitsulo ngati sunathetsedwe. Ndalama zimasungidwa pouma, m'timaenvulopu ta pepala lopanda asidi kapena m'mathireyi, osati m'mapulasitiki ofewa a PVC.

Zachinyengo zilipo zamitundu itatu: zoumbidwa pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole, zimene zimadziwika ndi timabowo ndi msoko m'mphepete, zosulidwa ndi zidindo zamakono, ndi ndalama zenizeni zimene wina wazizokotanso kuti tsitsi kapena zilembo zioneke bwino, kapena kuti dzina lofala lisanduke losowa.

## Malamulo ndi mkangano

Ndalama zambiri za m'zigawo zimachokera m'mayiko amene malamulo awo amati chinthu chakale chopezeka m'nthaka ndi cha boma. Turkey ndi Egypt onse anakhazikitsa malamulo awo amakono pa nkhaniyi mu 1983. Pangano la UNESCO la 1970 limaletsa kutulutsa ndi kugulitsa mozemba katundu wa chikhalidwe. Dziko la United States linaika malire pa kulowetsa ndalama zina zakale zochokera ku Cyprus mu 2007, ku Bulgaria mu 2014, ku Egypt mu 2016 ndi ku Turkey mu 2021. Ku England ndi ku Wales njira ndi ina: lamulo la Treasure Act la 1996 ndi dongosolo la Portable Antiquities Scheme zimalola anthu kufufuza ndi makina, koma zimafuna kuti nkhokwe za ndalama zinenedwe kwa akuluakulu ndipo zimalimbikitsa kulembetsa zina zonse.

Akatswiri ofukula zakale amati ndalama yokumbidwa mobisa imataya theka la nkhani yake, chifukwa sizidziwikanso kumene inapezeka ndi zimene inali nazo pamodzi. Chitsanzo ndi Dura-Europos, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates ku Syria, umene unafukulidwa mwadongosolo pakati pa 1928 ndi 1937. Kumeneko kunapezeka ndalama zambiri za mizinda yakutali ya ku Pontus monga Amasia, zimene zinathandiza akatswiri kufufuza mmene asilikali ndi ndalama zinkayendera kupita kumalire. Nkhondo ya ku Syria itayamba mu 2011, zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zinasonyeza malowa atadzaza maenje a anthu okumba mozemba. Zimene zinatuluka m'maenjemo sizinalembedwe paliponse.

Otolera ndi ogulitsa amayankha kuti ndalama zinasulidwa zochuluka kwambiri moti nyumba zosungiramo zinthu zakale sizingazisunge zonse, kuti zambiri zakhala m'manja mwa anthu kwa mibadwo ingapo, komanso kuti mitundu yambiri yosowa inadziwika chifukwa otolera anaijambula n'kuitumiza kwa akatswiri. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa kufunika kwa mbiri ya umwini. Ndalama imene ili ndi umboni woti inali m'gulu lodziwika kapena inagulitsidwa pa okushoni chisanafike chaka cha 1970 nthawi zambiri siivuta pa malamulo ndipo imagulidwa pa mtengo wokwera. Chifukwa cha ichi otolera amasunga malisiti, timapepala takale ndi zithunzi pamodzi ndi ndalama iliyonse, ndipo amazipereka kwa mwini watsopano ndalamayo ikagulitsidwa.